Pulopela Imene Anatisankhira Alamu

Abale anga, nkhani iyi si yopeka ayi, ndipo wofuna umboni abwere kwathu ndidzamuonetsa zitsulo ziwiri zimene zili pansi pa nkhokwe mpaka lero, chimodzi chothyoka phiko, chinzake chonyezimirabe ngati chagulidwa dzulo. Maina sinditchula, chifukwa mwini nkhaniyi anagona kale ndipo ana ake timadya nawo mbale imodzi. Koma chinthu chikakukhala pamtima zaka zonsezi umafuna womuuza, ndiye ndasankha inu.

Ine kwathu ndi kwa Kanduku kuno ku Mwanza, kumapiri, kumene madzi timawadziwa a m'ndowa ndi a pamjigo basi. Zimenezi zinachitika matipati atangoyamba kumene, anzathu othawa nkhondo akubwerera kwawo ku Mozambique, nthawi imene Neno inali isanakhale boma payokha ndipo malire athu ankafika ku Shire. Amuna anga ndi achimwene awo aakulu, amene ine ndinkati alamu, anali ndi chigayo cha dizilo kunjira ya ku Thambani chimene anawasiyira malemu bambo awo. Ndikuti chinali cha awiri, koma wodya anali mmodzi, chifukwa kwathu kunkangofika gaga ndi uthenga wakuti injini yafanso. Amuna anga atatopa anakadandaula kwa amalume awo, akubanja anakhala pansi n'kugamula kuti chigayo chigulitsidwe, aliyense akaone zake. Tsiku limenelo alamu anachoka pabwalo osatsanzika munthu, ndipo anasiya kuponda pakhomo pathu, moti ngakhale nditachira mwana wanga woyamba, wamkazi, sanabwere kudzamuona.

Gawo lawo amuna anga anagulira injini ya boti kwa munthu wina wa ku Tete amene ankabwerera kwawo, kenaka anakagula boti lakale lamatabwa kwa msodzi wina kumtsinje. Ankati kuli doko lina pa Shire, kutali ndi mlatho, kumene anthu amavutika kuwoloka pa mabwato ndi madengu a manachesi, matumba a makala ndi mbuzi zomwe, ndiye munthu atakhala ndi boti lainjini akhoza kudya bwino. Ine ndinawafunsa kuti kodi munthu wosadziwa kusambira ngati iwo angayambe bwanji geni ya pamadzi, koma mukudziwa amuna akaika mtima pa chinthu, mawu a mkazi amangokhala ngati mvula ya pamalata. Mwini injini uja anawaphunzitsa pang'ono mu mgolo wa madzi, kukoka chingwe, kuika giya ya kutsogolo ndi ya livesi, n'kuwauza kuti chilema chake n'chimodzi, pulopela. Kwa amene simuidziwa, pulopela ndi chitsulo cha mapiko atatu chimene chimakhala kunsi kwa injini n'kumazungulira m'madzi, ndipo ndicho chimakankha boti. Yathuyo phiko limodzi linali lothyoka kunsonga, ndiye kunkafunika kupeza ina yofanana nayo.

Tsiku lina masana ndikusenda chinangwa pakhonde, ndinangoona alamu akutsika njinga, akumwetulira mano onse pamtunda, atanyamula nkhuku ndi sopo wa mwana. Anati zakale zipite, chibale ndi fupa sichiola, amva kuti mng'ono wawo wagula injini ndipo iwo, poti akulira pa chigayo, zitsulo amazidziwa, ndiye apite okha ku boma akatisankhire pulopela yabwino. Amuna anga anakondwa ngati mwana wogulidwa malaya a Khirisimasi. Ine mtima unakana, sindinama, ndipo nkhuku ija ndinaphika koma sindinaike pakamwa. Munthu amene sanabwere kudzaona khanda, lero wakumbuka njira chifukwa cha chitsulo? Ndinawanong'oneza amuna anga kuti ngati n'kupita apitire limodzi, koma iwo anati ndimasunga mangawa, komanso manachesi anali atapsa ndipo sakanasiya munda kwa akuba ndi apusi. Anakulunga pulopela yakale ija m'thumba la feteleza n'kuwapatsira alamu kuti akafananize.

Atabwerako, alamu anatulutsa pulopela yaikulu, yoyera mbee, yoti umadzionera nkhope, ndipo amuna anga ankangoisisita. Nditafunsa kuti nanga yakale ija ili kuti, alamu anati pepani, thumba analiiwala pa matola popita, asanafike n'komwe ku boma, koma tisade nkhawa chifukwa anali ataiyeza kale ndi maso. Ndinafunsa kuti kodi nsapato amagula phazi litatsala kunyumba? Amuna anga anandiyang'ana diso lija limene akazi tonse timalidziwa, ine n'kutseka pakamwa. Poiyesa pa injini inakana kulowa, koma alamu anati n'zazing'ono, anapita nayo kwa wowotcherera amene anaisula pakati mpaka inalowa. Chitsulo chenicheni chinali kutiuza kuti sichapano, koma ife osamva.

Kenaka alamu anabwera ndi nkhani ina. Anati eni mabwato a padoko paja ndi anthu a nsanje ndipo ali ndi zitsamba zoopsa, ndiye iwo mwa chikondi chawo anapita kwa sing'anga wina wa kutsidya la boda kukatsirikitsa geni yathu. Anamanga kanthu kakuda pa chogwirira cha injini, n'kutiuza zizimba zake. Choyamba, injini isalire padoko anthu akuona, kuopa kuti angagwire mawu ake n'kuimanga, koma tikankhe boti ndi nsungwi mpaka pakati pa mtsinje, ndiye tikailize kumeneko. Chinanso, pa ulendo woyamba pakwere mwini boti, mkazi wake ndi mwana, kuti chuma chidziwe eni ake. Sing'anga ameneyu palibe anamuona, dzina lake sitinalimve, zonse zinkadzera pakamwa pa alamu. Ife ndife anthu opemphera, koma mukudziwa mmene timachitira, Lamulungu kutchalitchi, Lolemba kachithumwa m'thumba. Ndinafunsa alamu ngati iwonso akwera nawo, anayankha kuti angatsale bwanji pa tsiku la chimwemwe la mng'ono wawo, ndipo mawu amenewo ndi amene anandichititsa kuvomera.

Tinapita kudoko pa lole ya makala, ndi madengu a manachesi a m'munda mwathu kuti tikagulitse kutsidya. Shire ndinali ndisanamuonepo pafupi chonchi. Mvula inali itatha koma madzi anali akadali ambiri, ofiirira, akuthamanga mwakachetechete, ndipo kumunsi, mtsinje ukakhota, kunkamveka mkokomo wosalekeza. Nditafunsa mayi wina wogulitsa zitumbuwa, anati amenewo ndi mathithi, ndipo bwato likafika pakhonapo eni ake amangoyamba kulira maliro. Ndinamangitsa mwana kumsana ndi nsalu ziwiri.

Dzuwa linali litakwera ndithu pamene tinamaliza kulongedza, anthu atadzaza padoko kudzaonerera. Nthawi yokwera itakwana, alamu anagwira pamimba n'kupindika, amvekere m'mimba mwawapotokola, mwina ndi madzi a kuno, tiyeni tsogolani adzakwera ulendo wachiwiri. Ndinafuna kutsika, mwendo umodzi ndinautulutsa ndithu, koma amuna anga anati ndisawachititse manyazi pagulu, ndipo alamu omwewo, odwala m'mimbawo, ndi amene anamasula chingwe n'kukankha boti ndi mphamvu zawo zonse.

Amuna anga anakankha ndi nsungwi mpaka nsungwiyo inasiya kugunda pansi, madzi n'kuyamba kutitenga pang'onopang'ono. Analozetsa mutu wa boti kumtunda kwa mtsinje monga anawauzira msodzi uja, anakoka chingwe, injini inalira bwinobwino, anthu kudoko n'kuimba nthungululu. Anaika giya ya kutsogolo. Boti linagwedezeka, kenaka ndinaona mitengo ya kumtunda ikuyenda molakwika. Tinali kubwerera m'mbuyo. Poyamba ndinkayesa ndi chizungulire changa, poti sindinazolowere madzi, koma nditaona nkhope ya amuna anga ndinadziwa kuti nawonso aona. Iwo anaganiza kuti madzi akuposa injini mphamvu, ndiye anawonjezera moto, ndipo pamene injini inkakuwa kwambiri m'pamenenso boti linkathamangira cham'mbuyo, kulunjika kumene kunkachokera mkokomo kuja. Munaonapo chinthu chotero inu? Ukuchiuza kuti tiye uku, icho chikukukokera kumanda, ndipo ukachikalipira chikuchita kuthamanga.

Kumbuyo kwa boti n'kophwatalala, sikunapangidwe kuti kuzitsogola, ndiye madzi anayamba kulowera pamwamba pake, mpaka m'mawondo mwa amuna anga. Ndinatola chigubu chodula n'kuyamba kukapa, uku ndikutaya madengu a manachesi kuti boti lipepuke, ndipo ndinawaona manachesi athu akuyandama mndandanda, akutitsogolera kupita kumathithi. Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira kumsana, ndipo kulira kumeneko ndimakumvabe. Amuna anga dzanja linali litangokakamira pa moto, akutchula dzina la Yesu ndi la malemu bambo awo mosakaniza, akuti atilodza, atilodza. Kachithumwa kaja kankangovina pa chogwirira.

Ndinayang'ana kumtunda kufuna thandizo. Anthu onse anali kuthamanga m'mbali mwa mtsinje kutitsatira, amayi manja ali kumutu, amuna awiri akukankha bwato kuti atilondole. Munthu mmodzi yekha ndi amene sanasunthe. Alamu anali chiimire padoko, mowongoka bwinobwino, manja kumbuyo, ngati munthu amene akuonerera mpira. M'mimba muja munali mutapola nthawi yanji? Pamenepo mantha anga anasanduka ukali, ndipo ndikuuzani, ukali umenewo ndi umene unatipulumutsa, chifukwa ndinalumbira mumtima kuti mwana wanga safera m'madzi munthu uja akuonerera.

Miyala ya pakhona paja inali itayamba kuoneka, madzi akuchita thovu. Ine za injini sindidziwa, koma ndakula ndikuweta mbuzi, ndipo mbuzi yamakani ukaikokera kutsogolo imabwerera m'mbuyo, ukaikoka mchira imathamangira kutsogolo. Ndinawamenya amuna anga ndi chigubu chija pamsana, chinthu chimene sindinachitepo ndipo sindinabwerezenso, n'kukuwa kuti, "Inu bambo a mwana, chikumva zosemphana ichi! Chiuzeni chibwerere m'mbuyo!"

Anandiyang'ana ngati ndapenga, komabe anachepetsa moto n'kukankhira giya ku livesi. Injini inakhosomola, ine n'kuganiza kuti yazima, kenaka boti linachita ngati lagwidwa ndi dzanja. Linaima, linanjenjemera, n'kuyamba kukwawa kupita kutsogolo, pang'onopang'ono ngati nkhalamba pachitunda. Amuna anga analilozetsa kumabango a mbali yathu yomwe, ndipo titafika ndinagwira mabango ndi manja awiri osamva kuti akundicheka. Amuna a pabwato aja anatipeza pomwepo n'kutikokera kumtunda, anthu omwe aja tinauzidwa kuti ndi afiti ansanje. Nditaponda dothi ndinangokhala pansi m'matope n'kuyamba kuyamwitsa mwana, magazi a m'manja akudontha pa nsalu.

Alamu anafika pambuyo pa aliyense, atagwiranso pamimba, akuti mwaona, si ndinanena kuti anthu a pano ndi oipa. Koma mmodzi wa eni mabwato, amene anagwirapo ntchito pa maboti a ku Zambezi, anadzutsa injini m'madzi, anayang'ana pulopela n'kupukusa mutu. Anati apa palibe ufiti, mapulopela ali ngati manja a munthu, ilipo ya kumanja ndi ya kumanzere, ndipo iyi ndi ya kumanzere, ya maboti aakulu a injini ziwiri, ukaiika pa injini ngati yathuyi imakoka m'malo mokankha. Anati tikanangoiliza padoko chingwe chili chomanga tikanaona pomwepo, ndipo anadabwa kuti ndani anatiuza kuti tikayesere injini pakati pa Shire ndi khanda kumsana. Alamu anati iwo adziwa bwanji zimenezo, iwo ndi a chigayo, wowapusitsa ndi amene anawagulitsa pulopelayo ku boma.

Amuna anga anavomereza zimenezo msangamsanga, ngati munthu waludzu wolandira madzi. Ine ayi. Manja atapola ndinabereka mwana n'kupita ndekha ku boma, ndinafunsafunsa mpaka ndinampeza mdala wogulitsa zitsulo zakutha pafupi ndi pamene amaima mathiraki a ku Mozambique. Anawakumbukira alamu bwinobwino. Anati mapulopela anali nawo awiri, amapasa, ochoka pa boti limodzi ku Beira, ndipo anamuuza wogulayo momveka kuti ina ndi ya kumanja, ina ya kumanzere, aonetsetse. Anati bamboyo anatulutsa yakale yothyoka phiko m'thumba la feteleza, anaigoneka pambali pa iyi, kenaka pambali pa inayo, anafunsanso kuti ya kumanzere ikaikidwa polakwika imatani, atauzidwa anasankha ya kumanzere yomweyo. Mdalayo ankayesa kuti munthuyo akudziwa chimene akuchita. Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti mdalayo sakunama, chifukwa za thumba la feteleza ndi phiko lothyoka ine ndinali ndisanamuuze.

Nditawafotokozera amuna anga, anakalipa kuti wogulitsa aliyense amadziyeretsa, mwina anamva nkhani kwa anthu a pa matola, ndipo achimwene awo analumbira kuti thumba linatayika asanafike ku boma. Anati munthu wobadwa naye bere limodzi sangachite zimenezo, ndipo ndikapitiriza ndipasula mtundu. Ndinasiya, nanga ndikanatani? Boti tinagulitsa, tinabwerera ku manachesi athu. Alamu anapitiriza kubwera kwathu, ndinkawapatsa madzi osamba m'manja, ndinkawagwadira monga mwa mwambo, koma mwana wanga sindinalole kuti amunyamule ngakhale tsiku limodzi, ndipo chakudya chochokera kwawo chinkathera kwa agalu. Nthawi zina ndinkadzifunsa ndekha kuti kodi mwina ndikumunamizira munthu wosalakwa? Mwina anali mbuli chabe yokopeka ndi kunyezimira, paja amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kukayika kumeneko kunandidya zaka zambiri, ndipo n'kowawa kuposa kudziwa.

Alamu anamwalira mwana uja ali ku sekondale. Titaika maliro, m'mawa mwake akubanja anasonkhana kuti aone katundu wa malemu, ndipo amuna anga, poti ndiwo anatsala aakulu, ndi amene ankatulutsa zinthu m'chipinda, ine ndikulandira pakhomo. Pansi pa bedi panali sutikesi yachitsulo yokhoma, makiyi ake ngakhale mkazi wa malemu sankadziwa kumene ali, ndiye anaiphwanya ndi hamala. Pamwamba panali jekete ndi zovala zakale, koma pansi penipeni panali thumba la feteleza lopindidwa bwino. Amuna anga analitsegula. Inali pulopela yathu yakale ija, phiko limodzi lothyoka kunsonga, imene inatayika pa matola.

Pagulu anangoti ichi n'changa, n'kuchiika pa njinga. Titafika kunyumba anakatenga yonyezimira ija, imene tinkatsindikira denga la khola la nkhuku, n'kuziika ziwirizo pakhonde moyandikana. Abale, ngakhale mwana wa sitandade wani akanaona, mapiko a iyi apendekera uku, a inayo apendekera uko, ngati zikhatho ziwiri. Anakhala akuziyang'ana mpaka dzuwa linapendeka, ine ndikungoyendayenda pabwalo ngati ndili ndi ntchito. Zaka zonse zija ndinkalakalaka tsiku lodzawauza kuti si ndinkanena ine, koma litafika ndinawamvera chisoni mpaka misozi. Potsiriza anandiitana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi a mwana, dzulo ndinaika mtembo chabe. Achimwene anga andifera lero."

Ena ndikawauza amati mwina thumbalo analipeza pambuyo pake n'kuchita manyazi kulibweza. Mwina. Koma ine ndinawaona ataima padoko paja manja ali kumbuyo, ndipo chimene ndimakhulupirira n'chakuti munthu uja sanafune mankhwala kapena mpeni, anangofuna chitsulo cholakwika, sing'anga wongopeka, ndi ulemu wathu wosafuna kufunsa wamkulu. Tikanamira, mudzi wonse ukanati ndi ufiti wa eni mabwato, ndipo iye akanalira kuposa aliyense pamaliro.

Mwana uja pano ndi mayi wa ana ake, ndipo amaseka ndikamamuletsa kukwera boti, sadziwa kuti zipsera za m'manja mwangazi zinabwera bwanji. Inu amene mukufuna kugula chitsulo choti chinyamule moyo wanu, pitani nokha, chakale ndi chatsopano muzigoneke pamodzi muone ndi maso anu, ndipo injini muziiyesa chingwe chikadali chomanga padoko, anthu akuona, ansanje ndi osakhala ansanje omwe. Ndipo wina akakusankhirani pulopela, kaya ndi mbale wanu wa bere limodzi, akwere nanu. Akagwira pamimba, inunso tsikani.